Khomo Lili pa Chala Chachikulu

Lachiwiri lililonse, dzuwa la ku Recife lisanayambe kuwawa,
ndimakwera masitepe a pamwamba pa shopu ya matayala
komwe Valdirene amandidikira wopanda nsapato,
khofi wake atazizira kale pawindo.
Timakhala awiri basi, ndi fani yolira ngati ili ndi chifuwa.
Ndimamulipira ndalama zimene ndinkasungira firiji.

Tsiku loyamba ndinamuonetsa mkono.
Zala zinayi za munthu wosamudziwa zinali zikadali pakhungu,
zakuda bii, chichokereni pa siteji ya basi ku Afogados
usiku uja nditatseka sitolo ya mankhwala.
Ndinati: ndiphunzitseni kumenya.
Iye anauyang'ana mkonowo nthawi yaitali, nati:
Gona pansi, Neuza. Tiyamba ndi kugwa.

Mwezi wathunthu ndinagwa.
Chagada, chammbali, chafufumimba,
chibwano pachifuwa kuti nkhongo isagunde pansi,
chikhatho phaa! pamatiresi onunkha thukuta la anthu ena.
Zaka makumi anayi ndakhala ndikugwa m'moyo uno
wopanda wondiuza kuti kugwa nako kuli ndi luso lake.

Kenako anandigwira pomwe paja.
Thupi linauma gwaa, mpweya unandithawa,
fungo la dizilo linabwerera m'mphuno.
Usakoke, anatero. Wokoka amalimbana ndi zala zinayi.
Funa chala chachikulu. Chili chokha, chilibe mnzake.
Khomo lili pamenepo.
Ndinapotoza mkono ngati kiyi, chigongono patsogolo,
ndipo ndinangopezeka ndili kunja kwa dzanja lake,
ndikulira, misozi ndi mamina.
Anandiponyera thaulo. Bwereza. Wamanzere tsopano.

Chimene chinandivuta ndi kukuwa.
Mayi anandilera ndi mawu apansipansi,
a pepani, a zikomo, a ndidutse nawo.
Valdirene ankafuna mawu ochokera pansi pa mchombo.
Tsiku limene ndinawapeza
amakanika pansipo anasiya kukhoma,
mmodzi anakwera masitepe, sipanala ili m'manja,
kudzafunsa ngati kuli kwabwino.

Sanandinamizepo kuti ndasanduka chitsulo.
Akatulutsa mpeni mpatse chikwama, amatero,
foni si mwana wako.
Ukamasuka, liwiro. Mendulo ya mumsewu ndi kufika kunyumba.
Ali ndi chipsera pansi pa khutu,
sindinamufunsepo za icho.

Munthu uja sindinamuonenso.
Basi ya teni koloko ndimaidikirabe pomwepo,
msana kukhoma, mapazi otalikirana pang'ono,
ndipo masiku ena ndimaiwala kuopa
mpaka nditakhala kale pampando.

Koma dzulo, tikudutsa msewu wa kumsika,
njinga yamoto inabangula pafupi,
mwana wanga Caíque anandigwira pamkono,
mkonowo unatembenuka wokha, pululu,
kumusiya atafumbata mphepo.
Anandiyang'ana ngati ndamukana pagulu.

Lero m'mawa ndamufotokozera Valdirene.
Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anangoti zii,
akupinda lamba wake wothetheka m'mbali.
Zimenezo ndiye sindiphunzitsa, anatero.
Ine ntchito yanga ndi kukuonetsa khomo.
Zoti utuluke liti, ukafunse mwanayo.

Madzulo ano ndamupatsa mkono womwewo
kuchokera pageti mpaka kogula buledi.
Wandigwira mwamphamvu, kadzanja konyowa ndi aisikilimu,
akundiuza za galu wa mnzake amene amadya masokosi.
Kachala kake kakakulu kali apa, pamtsempha,
kakang'ono ngati nyemba.
Khomo ndikulidziwa, ndikulimva pakhungu,
lili chitsegukire.
Tadutsa msewu woyamba, tadutsa wachiwiri,
ndikadali m'kati.